Bajeti idadutsa, koma malata sadafike

Tsiku limene nduna ya zachuma inkawerenga bajeti ya dziko ku Nyumba ya Malamulo, mu Febuluwale chaka cha 2024, ine ndidali pakhonde la golosale ina ya pamsika wathu, kuno kummawa kwa boma la Kasungu, pamodzi ndi anthu ena angapo amene tidazinga wailesi. Mvula idali itadula ndipo chimanga chinkapinda masamba m'minda, choncho aliyense ankafuna kumva ngati boma lili ndi mawu otonthoza. Popeza ndunayo inkalankhula Chingerezi, ine monga mphunzitsi wopuma pantchito ndidapatsidwa udindo womasulira. Itafika pa nkhani ya maphunziro n'kuyamba kutchula mabiliyoni, azakhali anga, amene adabwera kudzagula mchere ndipo adangoima chapatali ndi kajumbo kawo m'manja, adasendera pafupi n'kundifunsa kuti, "Mwananga, ndiye kuti malata a kusukulu kuja tsopano abwera?" Ndidawayankha kuti inde azakhali, ndalama zaperekedwa. Ndidalankhula ndi mtima woona, komabe zimene ndidawauzazo sizidali zoona, ndipo padapita miyezi yambiri ndisanazindikire pamene ndidaphonya.

Malata amene azakhali ankafunsawo ndi a mdadada wa zipinda ziwiri zophunziriramo pa sukulu ya pulayimale ya m'dera lathu. Njerwa tidaumba tokha, mudzi uliwonse uvuni wake, amayi adatuta mchenga kudambo ndi ndowa pamutu, ndipo abambo amene ali ndi ngolo adapereka ng'ombe zawo kwaulere. Mbali ya boma idali simenti, zitsulo, matabwa, malata ndi malipiro a kontrakitala. Ntchito idayamba bwino m'chilimwe cha 2023, zipupa zidakwera mpaka pamwamba pa mawindo, kenaka tsiku lina mmamawa amisiri adakweza mawilibala ndi mafosholo awo pagalimoto n'kumapita, osatsanzika ngakhale kwa amfumu. Kuchokera pamenepo m'zipinda zija mudamera chisoso ndi bonongwe, mbuzi zidapezamo pothawira dzuwa, ndipo ana a Sitandade 3 adapitiriza kuphunzirira pansi pa mtengo wa mango, pomwe kukachita mdima wa mvula mphunzitsi amangowauza kuti athamangire kwawo makope asananyowe.

Ine ndine msungichuma wa komiti ya pasukulupo, ndipo ngakhale ndalama za mdadadawo sizidadutse m'manja mwathu, anthu ankafunsa ine. Ena ankafunsa mwaulemu, ena ankangonong'onezana pachitsime ndi pamaliro kuti a komiti adya. Manong'onong'o amenewa ndi amene adandichititsa kupempha mphwanga wina wa ku Lilongwe kuti andisindikizire masamba a malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, onena za chuma cha boma. Adanditumizira mutu 18 wonse, kuyambira gawo 171 mpaka gawo 184, masamba ochepa chabe amene munthu angawamalize madzulo amodzi. Ndidaphunzitsa ana zaka zambiri za nthambi zitatu za boma ndi ntchito za phungu, koma masamba amenewa ndidali ndisadawagwirepo.

Chinthu choyamba chimene masambawo amakhazikitsa n'chakuti boma silingatolere msonkho wina uliwonse popanda lamulo, ndipo ndalama zimene latolera ziyenera kulowa m'thumba limodzi lalikulu lotchedwa Consolidated Fund, lomwe akaunti yake ya ku Reserve Bank anthu a ku Capital Hill amaitcha Account Number One. Pano ndiime pang'ono, chifukwa kumudzi kuno tidazolowera kunena kuti "ndalama za boma" ngati kuti boma lili ndi munda wake wa fodya kwinakwake. Mlimi amene wagulitsa mabelo ake ku okushoni ya Chinkhoma amadzionera yekha pa pepala la malonda ndalama zimene zadulidwa zisanafike kubanki. Mayi amene wagula chitenje kapena mayunitsi a foni walipira msonkho wa VAT umene udabisala kale mumtengo. Mnyamata wa kabaza wa njinga yamoto amalipira misonkho ingapo pa lita iliyonse ya petulo, kuphatikizapo wokonzera misewu imene iye amaidutsa ili makumbimakumbi. Ine ndemwe ndinkadulidwa msonkho pa malipiro anga mwezi ndi mwezi mpaka tsiku lopuma. Azakhali anga, amene sadalembedwepo ntchito chibadwire, nawonso adaponyamo zawo m'thumba limenelo, kotero funso lawo la pakhonde lija lidali funso la mwini ndalama.

Ndalama zikalowa m'thumbamo sizituluka mwachisawawa. Gawo 173 likuti palibe ndalama imene ingatapidwe popanda chilolezo cha lamulo, ndipo chilolezo chachikulu cha chaka ndi chaka ndi lamulo lotchedwa Appropriation Act. Zimene timamva pa wailesi tsiku la bajeti ndi pempho chabe la nduna. Ikatha kuwerenga, aphungu amagawikana m'magulu a makomiti n'kukhala masiku angapo akusanthula mabuku a ziwerengero pamodzi ndi alembi aakulu a maunduna, kenaka amabwerera m'nyumbamo kudzakambirana, ndipo pomaliza nyumba yonse imasanduka komiti imodzi imene imayenda unduna ndi unduna, nthambi ndi nthambi, kuvomereza ndalama za aliyense pazokha. Zonse zikavomerezedwa amazimanga m'bilu imodzi, ndipo mtsogoleri wa dziko akaisainira imakhala lamulo.

Kunja kwa mutu 18 kuli gawo lina, la 57, limene ndikadakonda kuti lizilembedwa pachikwangwani nthawi ya misonkhano ya kampeni. Gawoli limaletsa Nyumba ya Malamulo kukambirana bilu kapena kusintha kulikonse kokweza msonkho kapena kowonjezera ndalama zotuluka m'thumba la boma, pokhapokha nduna ya zachuma itavomereza molemba. Phungu angathe kuchepetsa, angathe kukana, angathe kukakamira pamodzi ndi anzake mpaka nduna itagonja, koma sangaimirire yekha n'kulemba mlatho wa kwawo m'bajeti. Mphamvu yake yeniyeni ili pa kufunsa ndi kukana, ndipo imeneyi ndi imene ife ovota sitimufunsa kawirikawiri ngati akuigwiritsa ntchito. Ife a ku Kasungu taonapo ana a kwathu atanyamula chikwama cha bajeti: a Ken Kandodo adali nduna ya zachuma kuyambira 2009 mpaka 2011, ndipo a Simplex Chithyola Banda adagwira udindowo kuyambira 2023 mpaka 2025. Nthawi zonse ziwiri ndidamva anthu akuti tsopano tadya nawo, koma njira imene lamulo lidaikira ndalama ndi imodzimodzi, kaya nduna ndi ya ku Kasungu kaya ndi ya ku Nsanje, ndipo n'koyenera kuti zikhale choncho.

Tsopano ndifike pamene ndidawalakwira azakhali. Lamulo la Appropriation limapereka chilolezo ndi malire: limauza unduna kuti ungathe kugwiritsa ntchito ndalama mpaka pakutipakuti, osapitirira, koma silitsimikiza kuti ndalamazo zilipo. Ziwerengero za m'bajeti zimamangidwa pa chiyembekezo chakuti bungwe lotolera misonkho la MRA litolera zakuti, maiko ndi mabungwe otithandiza apereka zakuti, ndipo zoperewera boma likongola. Mwezi ndi mwezi a ku Treasury, ofesi yosunga chuma cha boma, amayang'ana zimene zalowa n'kugawa, ndipo mwezi umene zalowa zochepa pamakhala mndandanda wa oyamba kudya. Ngongole ndi chiwongoladzanja chake zimakhala patsogolo, chifukwa gawo 174 lidaziika pakati pa zinthu zimene thumba la boma liyenera kulipira popanda kudikira voti ya aphungu, ndipo ndivomereze kuti penshoni yangayi ili m'gulu lomwelo. Pambuyo pake pamabwera malipiro a ogwira ntchito m'boma ndi zoyendetsera maofesi. M'bajeti imene tinkamvera pakhonde ija, ya ndalama pafupifupi K6 thililiyoni, chiwongoladzanja chokha chidali choposa K1.4 thililiyoni, kutanthauza kuti pafupifupi K1 pa K4 iliyonse idali italonjezedwa kale kwa okongoza boma choko n'chimodzi chomwe chisanagulidwe. Zomangamanga zimakhala kumapeto kwa mzere, ndipo ndizo zimayamba kudulidwa aphungu akakumana pakati pa chaka kuti aunikenso bajeti. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo ife alimi a fodya tidayenera kukhala oyamba kuzindikira kuti ndalama yolembedwa m'buku la bajeti ikadali pachala.

Ngakhale ndalamayo itatuluka yonse, pali mdani wina amene amaidya ili panjira. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi maperesenti 44, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi misomali m'mashopu a m'tauni ya Kasungu idakwera m'masiku ochepa. Chiwerengero cha m'bajeti sichikula chokha mitengo ikakwera. Kuti boma liwonjezere, liyenera kubwereranso kwa aphungu ndi pempho lowonjezera monga likunenera gawo 177, ndipo mdadada wa zipinda ziwiri wa kumudzi sukhala m'maganizo mwa anthu pa nthawi yotero.

Chimodzi chimene ndimayamikira ndi kusintha kwa chaka cha boma. Kale chinkayamba pa 1 Julayi, koma kuchokera mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo pofuna kulumikiza zaka ziwirizo bajeti ya 2021/22 idali ya miyezi isanu ndi inayi yokha. Kwa ife alimi kusinthaku kuli ndi nzeru, chifukwa Epulo ndi nthawi imene mvula ikutha, misewu ikuuma, zokolola zikuyamba kulowa pamsika, ndipo womanga ali ndi chilimwe chonse patsogolo pake. Nzeruyo imatayika ndalama za chitukuko zikamatuluka mu Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana.

Amene tidali akuluakulu m'chaka cha 2007 tikukumbukira mmene bajeti idasandukira chingwe chokokerana. A Bingu wa Mutharika atachoka m'chipani cha UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri adawatsatira, ndipo otsutsa adaumirira kuti Sipikala ayambe wagwiritsa ntchito gawo 65, lochotsa pampando phungu wosintha chipani, pa aphungu osintha mbaliwo, bajeti ibwere pambuyo. Chaka cha boma chidayamba popanda bajeti, mafumu, a mipingo ndi ophunzira a m'makoleji adachita kuguba, ndipo bajetiyo idadzadutsa mu Sepitembala. Chimene chidachititsa kuti zipatala zisatsekedwe ndi gawo 178, limene limalola kuti boma litape ndalama zoyendetsera ntchito zake kwa miyezi yosapitirira inayi bajeti isanavomerezedwe. Nthawi imeneyo ndidakwiya nawo aphungu, chifukwa tinkaopa kuti makuponi a feteleza achedwa. Lero ndikamaganiza mofatsa ndimaona kuti mphamvu yokana bajeti ndi yofunika kwambiri, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti idagwiritsidwa ntchito mwamphamvu chotero pa mkangano wa mipando, pamene pa mankhwala osowa m'zipatala ndi pa ntchito zosiyidwa panjira aphungu amangodandaula pang'ono kenaka n'kuvomereza.

Kulondoloza ndalama ndidakuphunzira pa kabuku kanga ka msungichuma. Sukulu za pulayimale zimalandira kandalama kochepa kotukulira sukulu, komwe timangoti SIG, ndipo kamalowa mu akaunti ya sukulu kubanki. Tisanatape tiyenera kukhala ndi dongosolo lolembedwa la zimene tikufuna kuchita, osainira ayenera kukhala oposa mmodzi, tisanagule kanthu timafunsa mitengo m'mashopu atatu, ndipo tikagula lisiti lililonse limamatidwa m'faelo pamodzi ndi siginecha ya amene adalandira katunduyo. Chaka china lisiti la maloko awiri ndi mahinjesi a zitseko za zimbudzi lidasowa. Malokowo adalipo, aliyense ankawaona pazitseko, koma alangizi a sukulu za m'zoni yathu atabwera adatsegula faelo, adaika chala pa mzere wopanda lisitiwo n'kunena mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, ine ndikukukhulupirirani, koma faelo siyikukhulupirirani." Mmawa mwake ndidapalasa njinga ulendo wa maola awiri kupita kwa mwini shopu, amene adafufuza m'buku lake la makaboni mpaka adapeza tsamba lake n'kundilembera lina. Ndidabwerako miyendo ikunjenjemera, koma mtima udali mbee, ndipo sindidaone kuti andivutitsa, chifukwa ndalamazo zidali za ana a eni.

Ndikaika ulendo wa njinga umenewo pambali pa zimene zidaululika mu 2013, mtima umandipweteka. Usiku wa pa 13 Sepitembala chaka chimenecho, a Paul Mphwiyo, amene adali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, adaomberedwa pachipata cha nyumba yawo ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira apolisi adayamba kupeza mitolo ya ndalama m'magalimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma, ena a iwo a maudindo aang'ono. Iyi ndiyo nkhani ya Cashgate. Njira yake idali yosavuta kumvetsa: anthu ankalowa mu IFMIS, makina a kompyuta olipirira zinthu za boma, n'kulemba macheke opita ku makampani amene sadagulitse kanthu kalikonse ku boma, ndalama zikatuluka n'kufufuta zolembedwazo. Kampani ya ku Britain ya Baker Tilly itafufuza, lipoti lake loyamba lidapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013. Maiko amene ankathandiza bajeti yathu, omwe thandizo lawo linkafika pafupifupi maperesenti 40, adaimitsa ndalama zawo zolowa mwachindunji m'thumba la boma, ndipo amene adalipira mlanduwo ndi mayi wa ku Chamama kapena ku Chulu amene adauzidwa pachipatala kuti akagule yekha mankhwala.

Chofunika kuchidziwa n'chakuti Cashgate idachitika malamulo alipo kale. M'chaka cha 2003 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa malamulo atatu, loyendetsera chuma cha boma, lofufuza mabuku a boma, ndi logulira katundu wa boma, ndipo onse adali atagwira ntchito zaka khumi pamene macheke aja ankalembedwa. Pambuyo pake lamulo logulira katundu lidalembedwanso mwatsopano, ndipo mu 2022 kudabwera Public Finance Management Act yatsopano m'malo mwa ya 2003. Sindikunyoza kukonza malamulo, pakuti mpanda ukathyoka umayenera kumangidwanso. Koma amene adaba sadachite kudumpha mpanda. Adali ndi makiyi, ndipo amene adayenera kuyerekeza mabuku a boma ndi a kubanki mwezi ndi mwezi, monga alangizi aja adachitira ndi faelo yanga, sadachite ntchitoyo pa nthawi yake.

Malamulo aakulu adaika mlonda pa gawo 184, mkulu wofufuza mabuku a chuma cha boma, amene pa Chingerezi ndi Auditor General. Ntchito yake ndi kufufuza maakaunti a boma n'kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo chaka chilichonse. Lipotilo limapita ku komiti ya aphungu ya Public Accounts, imene mwamwambo wapampando wake amachokera ku mbali yotsutsa, ndipo komitiyo imaitana alembi aakulu a maunduna ndi mabwanamkubwa a makhonsolo, chifukwa pamaso pa lamulo iwowa ndiwo amayankha za ndalama za m'maofesi mwawo. Amene adawerengapo malipoti amenewa akudziwa kuti mawu ake amabwerezabwereza chaka ndi chaka: zikalata zolipirira sizidapezeke, mafuta a galimoto sadalembedwe m'buku, maalawansi adalipidwa popanda umboni wa ulendo, katundu adalipiridwa koma sadafike. Vuto lalikulu ndi nthawi. Lipoti likamafika pamaso pa aphungu pamakhala patapita chaka kapena zaka, bwana amene adasaina adasamutsidwa kapena adapuma, ndipo amene wakhala pampando woyankha amangopempha masiku oti akafufuze mafaelo.

Kuti kufulumira n'kotheka tidaona mu 2021, pamene ndalama za K6.2 biliyoni zolimbana ndi Covid-19 zidafufuzidwa m'miyezi yochepa chifukwa anthu adakwiya poyera. Lipoti lidatuluka mu Epulo, anthu adamangidwa, ndipo nduna ina idachotsedwa paudindo. Lamulo lidali lomwelo ndipo ofesi yofufuza idali yomweyo. Chimene chidasintha n'chakuti eni ndalama adali maso.

Kwa ife a kumudzi, boma limene timalikhudza ndi khonsolo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidalonjeza mphamvu ku anthu, ndipo pamapepala njira yake ndi yokongola: zofuna za mudzi zimayambira ku komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC, zimakwera ku komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, ADC, kenaka zimalowa m'dongosolo la chitukuko cha boma lonse, limene makhansala amalivomereza pamodzi ndi bajeti ya khonsolo. Koma tisaiwale kuti makhansala amene tidasankha mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko lidakhala popanda makhansala mpaka 2014. Zaka zisanu ndi zinayi ndalama zinkapita m'makhonsolo popanda anthu osankhidwa oziyang'anira, ndipo chizolowezi chimene chimamera m'zaka zotero sichizuka msanga.

M'zaka zomwezo, mu 2006, mudabadwa thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, CDF. Lidayamba ndi ndalama zochepa, koma lidakula mpaka K100 miliyoni pa dera lililonse mu 2022 ndi K200 miliyoni mu 2024. Sindikana kuti thumbali lamanga milatho ing'onoing'ono, lakumba mijigo ndipo lalipirira ana osowa fizi, ndipo ndikudziwa chifukwa chake anthu amalikonda: ndi ndalama yokhayo imene ili ndi nkhope yoti n'kuifunsa pamaliro. Komabe pali chinthu chokhota pamenepa. Phungu tidamutuma kuti akavomereze bajeti ndi kulondoloza amene akuigwiritsa ntchito, ndiye iye mwini akakhalanso wosankha ntchito, wosankha komiti ndi woloza wogulitsa simenti, adzadzifunsa yekha mafunso pa komiti ya ku Lilongwe? Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu, litakhala ngati bwalo lomasulira malamulo aakulu, lidagamula kuti kulowerera kwa aphungu pa kayendetsedwe ka CDF komanso kuvota kwawo m'makhonsolo n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Aphungu ambiri sadakondwe nacho chigamulochi. Ine ndidachilandira, ngakhale ndikudziwa kuti kuchotsa ndalama m'manja mwa phungu n'kuziika m'manja mwa ofesi sikuzisandutsa zoyera. Ofesinso imafuna woiyang'ana, ndipo woyang'anayo ndi phungu yemweyo, khansala, ndi ife.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Titakambirana pa komiti, tidagwirizana zolemba kalata. Mphwanga yemwe uja adandiuza za lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, la Access to Information, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020 ndipo limayang'aniridwa ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission. Lamuloli limapatsa ofesi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe munthu amene wapempha uthenga. Kalata yathu idali yaifupi. Sitidanenemo munthu aliyense kuti ndi wakuba, ndipo tidangofunsa mafunso atatu: ndalama zimene zidavomerezedwa pa mdadada wathu ndi zingati, zimene zidatulutsidwa n'kufika ndi zingati, ndipo zimene zidalipidwa kwa kontrakitala ndi zingati, pa ntchito iti. Adasaina ndi wapampando, mlembi, ine, ndi agulupu amene adadindapo chidindo chawo.

Kalatayo ndidakapereka ndekha ku ofesi ina yoona za ntchitoyi. Ndidanyamuka tambala woyamba atalira, ndidakwera kabaza mpaka pamsewu waukulu, ndipo ndidafika maofesi akungotsegulidwa. Mayi amene ndidamupeza pa tebulo lolandirira alendo adaiwerenga kawiri, adandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Bambo, mwatumidwa ndi bungwe liti?" Ndidamuyankha kuti ndatumidwa ndi makolo a ana a Sitandade 3. Ndidapempha kuti adinde pa kope yanga tsiku limene walandira kalatayo, ndipo ngakhale adayamba wazengereza, adadinda. Masiku 15 adakwana popanda yankho. Ndidapitanso kawiri, ulendo uliwonse ndi ndalama ya m'thumba mwanga ndi ya wapampando, ndipo ulendo wachitatu bambo wina wachinyamata wa mu ofesi ya ziwerengero adandilowetsa, adandipatsa mpando, natulutsa pepala limodzi lokhala ndi mizere itatu imene tidapempha.

Pepalalo lidaonetsa kuti pa ndalama zimene zidavomerezedwa, zimene zidafika zidali pafupifupi theka. Kontrakitala adalipidwa pa gawo la ntchito limene adamaliza, kuyambira pa maziko mpaka pamwamba pa mawindo, ndipo kwacha itagwa adalemba kalata yopempha kuti mtengo wa ntchito yotsala uunikidwenso, koma ndalama zoti n'kumuyankha nazo padalibe. Chaka cha boma chitatha pa 31 Malichi, chilolezo cha ndalama zotsalazo chidatha nacho, chifukwa lamulo la Appropriation ndi la chaka chimodzi, ndipo kuti mdadada wathu upitirire udayenera kulembedwanso m'bajeti yatsopano, chinthu chimene palibe adachikumbutsa. Ndidafunsa mnyamatayo chifukwa chake sadatiuze zonsezi kale, ndipo adayankha motsitsa mawu kuti, "Bambo, palibe amene adafunsapo molemba."

Yankho limeneli lidandikhalitsa chete njira yonse yobwerera. Chaka chathunthu tidakhala tikunyozana m'mudzi, a komiti tikutchedwa akuba, amisiri akutembereredwa, pamene nkhani yonse idali pa pepala limodzi m'kabati. Kukadakhala kuti pepala lotere limamatidwa pa bolodi la sukulu iliyonse, pa chipatala chilichonse ndi pa mlatho uliwonse umene ukumangidwa, m'Chichewa, ndi mizere itatu yomweyo, bwenzi anthu akudziwa pamene pachedwa ndalama ndi pamene pabedwa ndalama, chifukwa ziwirizi zimafuna mankhwala osiyana. Pamene zonse zili mumdima, wakuba amabisala kumbuyo kwa mawu akuti ndalama sizidabwere, ndipo wosalakwa amasenza mlandu wa wakuba.

Loweruka lotsatira agulupu adaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango womwe uja, ndipo ndidawerenga pepalalo mzere ndi mzere, kenaka ndidafotokoza kusiyana kwa ndalama yovomerezedwa, ndalama yotulutsidwa ndi ndalama yolipidwa. Ndidapepesanso kwa azakhali pamaso pa anthu chifukwa cha yankho langa la pakhonde lija. Iwo adamvetsera atagwira ndodo yawo ndi manja awiri, ndipo nditamaliza adafunsa kuti, "Nanga theka linalo lili kuti, mwananga?" Ndidati silidatuluke ku Lilongwe, azakhali, ndipo chilolezo chake chidatha ndi chaka. Adagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndiye mulembenso kalata ina, ndipo ino mulembemo kuti njerwa tidaumba ndife."

Kalata yachiwiriyo tidailemba tsiku lomwelo pa desiki la ana, yopempha kuti mdadada wathu ulowe m'dongosolo la ADC ngati ntchito yosamalizidwa imene iyenera kukhala patsogolo pa ntchito zatsopano, ndipo makope ake tidapereka kwa khansala ndi kwa phungu. Mlembi wathu tsopano amapita ku msonkhano uliwonse wa ADC ndi faelo m'manja kukaonetsetsa kuti dzina la sukulu lalembedwa m'maminitsi. Mvula isanayambe, makolo adasonkha ndalama yogulira mapepala apulasitiki akuda, ndipo anyamata adakwera n'kuphimba pamwamba pa zipupa, natsindikiza ndi njerwa zotsala, kuti madzi asalowe m'mizere ya simenti. Pepala la mizere itatu lija tidalimata pakhoma la ofesi ya mphunzitsi wamkulu, pafupi ndi ndandanda ya maphunziro, ndipo pansi pake ndidasiya mpata wolembapo tsiku limene gawo lotsala la ndalama lidzafike.